Adokotala a ng'ombe a panjinga yamoto aja: manja ndi abwino, koma foni ndi kashopu kawo mmm

Anthu angapo akhala akundifunsa ku bakingi, kumene timagulitsa mkaka pagulu, kuti kodi adokotala aja ndinawaitana ng'ombe yanga Tadala ataswa ndi othandizadi kapena ndi aja ongodziwa kubaya jakisoni nkulandira ndalama, nde ndati bola ndingolemba kamodzi mmene zinayendera aliyense aziwerengera yekha, chifukwa kufotokoza pamzere wa mkaka 6 koloko mmawa chigubu chili mmanja sizitheka. Dzina lawo sinditchula olo la shopu yawo, muli zodandaula umu ndipo ndi munthu woti mawa ndidzamufunanso, paja amati ukayenda siya phazi ukasiya mlomo udzaupeza. Ife a kuno ku Thyolo tikuwadziwa. Si dokotala wa digiri ayi, eni ake amati anaphunzira ku sukulu ya za ziweto ya Mikolongwe, anagwirako ya ulangizi wa ziweto kenako anayamba zawozawo, pano ali ndi kashopu ka mankhwala pa trading ndi njinga yamoto yoyendera mmakola.

Tadala ndi ng'ombe ya chi Friesian yosakaniza, mayi ake ndi amene tinalandira pa pasi-oni, dongosolo lija lopatsirana ng'ombe, kale kale, ndipo uku kunali kuswa kwake kwachinayi. Zikamayenda amatipatsa malita 16 pena 18 patsiku, fizi ya ana ndi feteleza zonse zimatuluka mmawere amenewo, nde mumvetse kuti akadwala pakhomo pano sitidya nsima bwino. Tsiku limene anamuikira umuna ndinalemba pa kalendala ya kutchalitchi, kuwerenga masiku 283 kunagwera mu July, chiperoni chili pachimake. Kutatsala miyezi iwiri ndinasiya kumukama monga amatiuzira alangizi, apo ndinakhoza. Pomwe ndinalakwa mpoti ndinapitiriza kumuthirira dairy mash wambiri, chakudya chogula chija cha ng'ombe za mkaka, ndi chimchere chonyambita chija cha ng'ombe zokamidwa, ine mmaganizo ndikuti ndikumukonda asweko ali ndi mphamvu. Nkhani imeneyi tiipeza kutsogolo.

Ulendo woyamba anabwera kutatsala masabata atatu, ndinawaitana dala kuti adzamuone. Apa ndinawakonda. Sanafikire kutsegula chikwama ngati ena aja, anayamba azungulira khola, kuona pogona, kuona ngalande ya mikodzo, nkundiuza kuti bambo simenti iyi ndi yoterera, ng'ombe yongoswa kumene ikaterereka apa nkukhadzula miyendo basi mwaigulitsa kwa a butchala pa mtengo wa mbuzi. Anati ndiyale udzu wouma wambiri mbali imodzi, ndikonzeretu kakhola ka thole kokwera pang'ono kosalowa mphepo, kenako anandilembera pa kapepala zogula: ayodini, magolovesi aatali ofika paphewa, themometa, sopo, kamphira koyamwitsira. Anandifotokozeranso zizindikiro, mawere kudzadza, kumbuyo kutupa nkumatuluka chinanda, minofu ya mmbali mwa mchira kulowa mkati mpaka kuoneka timaenje. Ndipo anati thumba la madzi likaphulika muyembekeze kuona timapazi tiwiri takutsogolo ndi mphuno pamwamba pake, ola likadutsa palibe chikusuntha kapena mwaona phazi limodzi kapena mchira, imbani, musayambe kukoka ndi anyamata anayi. Za chakudya sanandifunse, inenso sindinanene, nde apo tigawane mlandu.

Tsono kashopu. Anthu inu. Adokotala eni ake sakhalamo, amakhala mmakola, mmenemo amasiyamo kamnyamata kachibale kamene maso ake sachoka pa foni. Ndakapatsa pepala lija, kandipatsa magolovesi ndi themometa bwinobwino, pa ayodini kanditengera sipuleyi ya pepo ija ya zilonda nkumati ndi chimodzimodzi madala, inanso ndi yodula kuposa ayodiniyo. Ine osadziwa ndinatenga. Akazi anga ndi amene anakayika kunyumba kuti koma pa pepala sanalembe izi, ndinajambula nkutumiza pa WhatsApp, adokotala anayankha mawa lake kuti ayi imeneyo si ya pamchombo. Kubwerera kuti andisinthire kamnyamata kakuti katundu akatuluka sabwerera, ayodini watha. Patapita masiku awiri adokotala podutsa anandisiyira kabotolo ka ayodini kuchokera mchikwama chawo, koma pepani sanandiuze ndipo sipuleyi ija ilipobe pawindo mpaka lero. Tsiku lomwelo ndili mu shopumo ndinamva kamnyamata komweko kakuuza mayi wina amene mbuzi yake imatsegula mmimba kuti abaye LA, jakisoni uja wa antibayotiki, wina wa nkhumba yosadya LA, zikuoneka kuti kwa iko matenda onse padziko mankhwala ake ndi LA.

Tadala anaswa Lachiwiri usiku cha mma 9, kunja kuli mawawa aja osaleka, kuzizira kolowa mmafupa. Kuswa kwenikweni kunalibe vuto, timapazi tinaoneka, mphuno, anakankha kangapo mwana uyo pansi, kamsoti. Chimene chinatiopsa nchoti kanangoti phii osapuma bwino, amalume amene amakhala pafupi nafe, munthu woti waweta ng'ombe za chikuda moyo wake wonse, anali atagwira kale timiyendo takumbuyo kuti akazunguze mmwamba. Ndinawaletsa mwaulemu, ndinachita zomwe adokotala anandiuza, kupukuta chinanda mkamwa ndi mmphuno ndi chala, kukakhazika chogwada miyendo ili pansi pa chifuwa, kutenga kaudzu nkukalowetsa mmphuno. Kanayetsemula kamodzi, kawiri, kupukusa mutu makutu ali lendelende, akazi anga mpaka nthungululu usiku umenewo. Kenako tinakasiya kwa make azikanyambita, ine ndinathira ayodini mu kachitsekerero ka botolo nkuviika chingwe cha mchombo chonse mpaka pamimba, osati kungodontheza, chifukwa pamenepo mpomwe pamalowera matenda aja mwana amatupa mawondo pakapita sabata ziwiri.

Nkhondo ina inali ya chithuwi. Apongozi anga amakhulupirira mpaka pano kuti mkaka woyamba wachikasu uja ndi zoipa za mthupi, ukamire pansi kaye mpaka uyere. Adokotala anali atandikhomerera nkhani imeneyi mmutu ngati msomali, anati thole limabadwa lilibe chitetezo chilichonse, mwana wa munthu amalandirako ali mmimba koma wa ng'ombe ayi, chitetezo chonse chili mu chithuwi, ndipo matumbo ake amachilandira bwino maola oyambirira okha, pofika maola 6 ayamba kale kutseka, tsiku likatha olo mupatse ndowa yonse changokhala chakudya basi. Muyezo anati ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kathu kanali ka makilo 30 ndi kena nde malita atatu kapena kuposerako pang'ono. Vuto mawere a Tadala anali atatupa gwa, kamwana kakuphonya, kukayamwa mwendo, kukayamwa mchira. Sindinadikire, ndinasamba mmanja, kutsuka mawere ndi madzi ofunda, kukamira mu botolo la Sobo lija la malita awiri, kuvekapo kamphira, kanamwa pafupifupi lonse ola lachiwiri lisanathe, mbandakucha tinabwerezanso. Make tinampatsa ndowa ya madzi ofunda, anamwa ndowa ziwiri, ndi nsenjere wodula.

Mmawa nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, inali isanagwe, ili lende kumbuyo. Amalume abwera ndi chibanthu cha njerwa ndi luzi kuti timangirire izikoka yokha. Ndinaimba foni, mwamwayi anayankha, anati iyayi bambo musayerekeze, nthawi zambiri imagwa maola 8 asanakwane, ikadutsa maola 12 mpaka 24 ndiye timati yakanirira, koma olo ikanirire sitikoka, mkati muja inalumikizana ndi chiberekero ngati mabatani ambirimbiri nde mukakoka mumang'amba, zidutswa zimatsalira, magazi, mafinya, kenako ng'ombe yovuta kutenga bere. Anati ndingodula yomwe ikukwekwereza pansi, ndiziyeza kutentha mmawa uliwonse, pakati pa 38 ndi 39 ndi pabwino, ikadutsa 39.5 kapena akasiya kudya ndiimbe. Amalume anapita atakwiya ndi njerwa yawo.

Tsopano Lachitatu madzulo mpomwe ndinadziwira adokotalawa mbali zonse ziwiri. Cha mma 5 ndinaona Tadala wasiya kubzikula, akuponda dzandidzandi miyendo yakumbuyo ngati woledzera, akukukuta mano. Pofika 7 anali pansi, kuyesa kumudzutsa ayi ndithu, khosi lapindika mutu waugoneka cha kunthiti, maso ali tuzu, mphuno youma. Kugwira makutu, ozizira ngati chitsulo cha pa mjigo mmawa. Themometa ikuti 37 ndi kena. Ine mutu unaima chifukwa ndimayembekeza kutentha thupi kwa nsengwa ija, uku kukuzizira. Kuimba foni, nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka. Kuimbanso, chimodzimodzi. WhatsApp kachizindikiro kamodzi. Kuyambira 7 mpaka kudutsa 10 koloko ndinaimba kaya ka 30, mimba ya ng'ombe ikufufuma mbali ya kumanzere ndikuona, amalume abweranso ulendo uno ndi botolo la mankhwala achikuda kuti timumwetse, akazi anga akupemphera chamumtima, kathole kakulira mkakhola kake. Mapeto ake ndinadzutsa wa kabaza, ndinatuma mwana wanga wamkulu kunyumba kwawo. Anawapeza ali gone, foni inathima chifukwa magetsi anazima kuyambira masana. Munthu wa ntchito ngati imeneyi nambala imodzi, opanda olo ka pawabanki, shuwa?

Koma chilungamo chake, atangomva anadzuka. Anaimba pa foni ya mwana wanga asananyamuke, kufunsa mafunso atatu okha, waswa liti, kachingati, makutu ali bwanji, nkunena kuti musamumwetse kanthu kalikonse pakamwa sangathe kumeza zipita kumapapo, musalole agone chammbali, mutsamiritseni ndi matumba akhale chogwada, mumufunditse, ndipo tenthetsani madzi. Tinadzadza dothi mmatumba a feteleza nkumutchinjiriza mbali zonse, bulangete la ana linapita kukhola. Cha mma 11 tinaona kuwala kwa njinga kukutsetsereka kanjira kathu koterera kaja, munthu wanyowa, matope mpaka mmawondo, anagwa kamodzi pa mlatho wa mitengo koma sanadandaule.

Zomwe ndinaona pamenepo sindidzaiwala. Anayeza, anamvetsera mtima, anakama pang'ono bere lililonse pa chikhatho kuona ngati muli zibuluma, anavala golovesi kufufuza ngati mulibe mwana wachiwiri, anagwiragwira miyendo ndi chiuno ngati sanathyoke, kenako anati iyi ndi milk fever, dzina lokha lonama chifukwa thupi silitentha. Anatulutsa botolo la kashiamu nkuliika mu ndowa ya madzi ofunda aja kuti lifunde ngati thupi. Mutu wa Tadala tinaumanga ndi chingwe kuukokera kumbali, anakanikiza pakhosi ndi chala mpaka mtsempha unatupa ngati payipi, singano phwi, magazi akuda kutuluka, kulumikiza kachubu, botolo anandipatsa ine kuti ndigwire. Nde ndimvereni apa inu amene mumati mungathe kubaya nokha. Ine ndi mtima wofuna zichitike msanga ndimakweza botolo mmwamba, iwo ali tsitsani bambo, tsitsani, khutu lili pa mtima wa ng'ombe osachotsa, akuti kashiamu akalowa mothamanga mtima umaima pompo ng'ombe nkufera mmanja mwanu. Botolo limodzi linatenga mphindi kaya 20, mwana wanga atagwira tochi, mvula ikudontha pa malata. Lisanathe ndinaona minofu ya mmbali ikunjenjemera, pamphuno payamba timadontho ta thukuta, kenako anageya chigeyo chachikulu chonunkha, mimba ija kuphwa, nkuchita ndowe zouma. Adokotala anaseka koyamba usiku umenewo, anati wabwerera uyu.

Sanathamangire kupita. Anakhala pa mpando wa ndalema mkhola momwemo akumwa tiyi amene akazi anga anaphika, ndipo mpomwe anandifunsa funso lija akanandifunsa masabata atatu kumbuyo, mumamudyetsa chani ali ndi bere? Nditanena anagwira pachipumi. Anafotokoza kuti chithuwi chimakoka kashiamu wambiri mmagazi nthawi imodzi, nde thupi limayenera kutapa wina mmafupa mwachangu, koma ng'ombe imene yakhala ikulandira kashiamu wambiri mchakudya isanaswe thupi lake limachita ulesi, njira yotapira ija imagona, tsiku lofunika siidzuka msanga, minofu nkufooka yonse mpaka ya mmimba ndi yomezera. Anati imakonda ng'ombe za mkaka wambiri, kuyambira kuswa kwachitatu kupita mtsogolo, ma Jersey ndiye kwambiri, masiku atatu oyamba chiswereni, za chikuda za amalume sizidziwa nkomwe matendawa chifukwa mkaka wake ndi wa kapu. Amalume anangoti mmm. Patatha mphindi kaya 40 anamumenya pang'ono ndi bondo kunthiti nkukuwa, Tadala anaponda miyendo yakumbuyo, kugwada kanthawi, dzambatu, wayima, nkuyamba kufunafuna mwana wake. Inali cha mma 1 koloko.

Ponyamuka anati masiku awiri ndisamukame mpaka kugwa mawere, ndizingochotsa wokwanira mwana, ndipo ndikhale tcheru chifukwa ena amagwanso mawa lake. Apa mpomwe panabwera chokhumudwitsa china, botolo lija linali lomaliza. Mchikwama mulibe, ku shopu kulibe. Mmawa ndinachita kutumiza ndalama pa Airtel Money kwa mlamu wanga ku Limbe kuti akagule nkupatsira minibasi, mtima uli mmwamba tsiku lonse kuti akagwanso masana titani. Linafika cha mma 3, adokotala anadzabaya theka pansi pa chikopa poti anaona akunjenjemeranso pang'ono. Dera ngati lino ng'ombe za mkaka khola ndi khola, shopu ya ziweto kukhala ndi botolo limodzi la kashiamu koma mashelefu odzadza mankhwala a makoswe ndi mbewu ya tomato, ine sindikumvetsa.

Nsengwa ija inatsatira mmene ananenera. Tsiku lachinayi fungo linali loti ntchentche za mudzi wonse zinasamukira kwathu, themometa inati 39.9, Tadala wasiya madeya. Ulendo uwu foni inalowa, anabwera masana omwewo, anatsuka kumbuyo ndi madzi a sopo, sanalowetse mkono kukakanganula ayi, anabaya jakisoni wa oxytetracycline ndi wina wotsitsa kutentha. Chimene chinandisangalatsa nchoti anawerenga pa botolo masiku oletsa mkaka, anatola khala pa mbaula nkulemba deti pa chitseko cha khola zilembo zikuluzikulu, akuti lisanafike tsiku ili mkaka uwu usapite ku bakingi ndipo ana asamwe. Ndinayesa kunyengerera kuti adokotala ku bakingi amangoyeza ndi sipiriti ndi kagalasi koyandama kaja koona ngati wathira madzi, mankhwala sangawaone, iwo anati eya sangawaone koma a fakitale akaupeza mu thanki abweza mkaka wa gulu lonse, ndipo mkaka wa mankhwala olo chambiko sugwira bwino, mukufuna anzanu onse alire chifukwa cha malita anu 10? Ndinachita manyazi. Nsengwa inagwa yokha tsiku lachisanu ndi chimodzi, tinakwirira kuseri agalu asafukule. Mkaka wa masiku oyamba umakhala kale woti sungapite chifukwa cha chithuwi, pa sipiriti paja umagwirana, nde kuphatikiza ndi za jakisoni ndinakhala pafupifupi sabata ziwiri osaoneka pamzere, ena mumafunsa kuti ndasamuka.

Kathole tinakachotsa kwa make tsiku lachitatu nkuyamba kukaphunzitsa ndowa, zala ziwiri mkamwa nkumatsitsa pang'onopang'ono mpaka mlomo ukhudze mkaka, masiku awiri oyamba theka limathera pa thalauza langa kkkk. Malita awiri mmawa awiri madzulo. Pa tsiku la 10 kanayamba kutsegula mmimba, zachikasu zamadzimadzi kumata mchira wonse, maso kulowa. Apa mlandu ndi wathu, ana amapereka mkaka utazizira ndipo ndowa amangoitsukuluza osatsuka ndi sopo. Ndinatumiza zithunzi, anandiuza nditsine chikopa cha pakhosi ndione ngati chikubwerera msanga, ndione ngati kakuyamwabe chala, nditayankha anati sindibwera kudzakudyerani ndalama ya mafuta, chimapha thole lotsegula ndi kutha madzi mthupi, chitani ngati mwana wa munthu ndi Thanzi. Anandiuza paketi ya ma electrolyte yogula, kumwetsa pakati pa nthawi za mkaka, mkakawo osasiya koma wofunda, ndipo anati kakasiya kuyamwa kapena kulephera kuima kapena mukaona magazi ndiye ndibwera ndi dilipi. Masiku atatu kanachira. Wina akanabwera ndi LA nkulipiritsa. Paketiyo ku shopu inalipo ndithu, koma ndinayang'ana deti ndekha chifukwa kamnyamata kaja sindikakhulupiriranso. Sabata yachiwiri tinayamba kukaikira madzi oyera, kaufa ka mathole kodzadza dzanja ndi udzu wofewa wouma kuti mimba iyambe kuzolowera.

Za ndalama ndinena mu malita chifukwa kwacha ya masiku ano ukalemba lero mawa yasintha. Usiku uja wonse, kashiamu, mafuta ndi ntchito, zinakwana ngati malita 70 a mkaka pa mtengo wa ku bakingi. Ulendo wa jakisoni ngati malita 30. Poyerekeza ndi ng'ombe imene ikanafa mmawa usanafike, sindingati ndi zodula, walira mvula walira matope. Ndipo sanandiumirize, anati mudzandipatsa gulu likalipira kumapeto a mwezi, anadikiradi osanditumizira mauthenga a manyazi aja. Chomwe sichinandisangalatse nchoti mtengo umachokera mmutu, palibe lisiti, palibe pomwe palembedwa kuti kuyendera ndi zakuti mankhwala ndi zakuti, nde sudziwa ukulipira chani. Komanso tsiku la jakisoni lija anachokera pa khola la aneba anga, mtunda woti ukhoza kuitana munthu ndi pakamwa, koma tonse awiri anatilipiritsa mafuta athunthu ochokera pa trading. Tinazindikira pocheza ku bakingi. Nditawafunsa anangoseka nkumati mafuta akusowa bambo. Ankasowadi nthawi imeneyo, koma ayi.

Nde amene mukufunsa kuti muwaitane kapena ayi, ine ndikuti aitaneni, makamaka ng'ombe ikagwa kapena mwana akapingasa, munthu uja ntchito amaidziwa, sachita phuma, amafotokoza mpaka umve ndipo sakugulitsa jakisoni wosafunika. Koma musadalire foni yawo, dziwani pakhomo pawo ndipo mukhale ndi nambala ya wa kabaza amene amadzuka usiku, mutengenso nambala ya alangizi a boma kapena a ku bakingi ngati yachiwiri. Ku shopu pitani ndi pepala lolembedwa ndi iwo eni ndipo muwerenge botolo musanapereke ndalama. Ngati ng'ombe yanu ikuswa kachitatu kupita mtsogolo gulanitu botolo la kashiamu likhale mnyumba, osati kuti mubaye nokha, koma kuti akafika asakuuzeni kuti latha. Ndipo muwauze nokha zomwe mukudyetsa miyezi iwiri yomaliza ija olo asafunse. Pa 10 manja awo ndikupatsa 9, foni 3, shopu 2 ndipo 2 ameneyo ndi wa themometa poti ikugwirabe ntchito.

Tadala pano ali pa malita 15, akukwera pang'onopang'ono, tikudikira adutse masiku 60 kuti akayamba kufuna nkhunzi timuikirenso umuna, adokotala akuti ayambe amuyeza kaye chiberekero chifukwa cha nsengwa ija. Kamsoti ana akatcha Chiperoni, kali ndi sabata zisanu, tinyanga tayamba kutuluka ndipo timafunika kuwotcha tisanagwire fupa. Anati abwera Loweruka ndi chitsulo chake. Aka nkachitatu kunena Loweruka.